Galimoto ya waya ndi chopondera cha ambuya

Sukulu zikangotseka kumayambiriro kwa Disembala, pa Intercity mu Lusaka pamadzaza ana opita kum'mawa. Amai a ku Chawama kapena ku Mtendere agwira kondakitala pa mkono, amupatsa nambala ya foni, namuuza kuti aka kamwana mukakatsitse pa Sinda, amalume ake akakhala akudikira pa siteji. Ena atsikira pa Katete, ulendo wa makilomita pafupifupi 500. Ena apitirira mpaka ku Chipata kukafuna yopita ku Vubwi, kumene dziko lathu ligundana ndi Malawi ndi Mozambique. M'chola muli shuga, mchere, sopo ndi kabotolo ka saladi, zonse za ambuya, ndipo zonse agula ndi makolo. Mwana mwini wake afika chimanjamanja, kupatulako foni yakale ya amai ake imene wapatsidwa kuti asavute pa njira.

Chaka chatha ine sindinatumize ana ndi kondakitala. Ndinawaperekeza ndekha kwathu, mudzi wina pakati pa Katete ndi Sinda, kotsikira pa tala nkumalizitsa ndi njinga. Mnyamata anali giledi 5, mlongo wake giledi 3. Tisananyamuke ndinalowa m'sitolo ina m'tauni nkugula galimoto ya pulasitiki ya apolisi, ya mabatire, yolira ndi kuthwanima. Mtengo wake sinditchula, amai a kunyumba amawerenga tsamba lino. Tsiku loyamba ana a mudzi wonse anasonkhana kudzaiona. Tsiku lachiwiri inalowa m'matope. Tsiku lachitatu wilo linathyoka pamalo posamangika, mabatire atatha kale. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Amene anaitola ndi msuweni wawo, mwana wa mlongo wanga, wa zaka 12. Anazula timagalasi tofiira ndi tabuluu tija nkukatimanga pamwamba pa galimoto yake ya waya. Ya pulasitiki inathera pamenepo, ya waya inalembedwa ntchito ya upolisi. Mwana wanga ataona mnzake akuithamangitsa pabwalo, ikukhota bwinobwino pa nkhokwe, anaiwala kulira nkuyamba kuumirira kuti nayenso afuna yake.

Ndinakhala pa khonde masana awiri kuyang'ana mmene galimoto yachiwiri inabadwira, ndipo ndinachita manyazi kuona kuti manja anga aiwala zimene ndinkadziwa ndili msinkhu womwewo. Zida za ku garaji anyamatawa alibe. Mwala ndiwo nyundo yowongolera waya. Podula, aupinda uku ndi uku mpaka utenthe nkuduka wokha. Waya wokhuthala ndiwo mafupa a galimoto, waung'ono wofewa ndiwo womangira m'makona, ndipo pamene waung'ono wasowa alowetsapo mphira yodula ku chubu chakale cha njinga, yomweyo ya malegeni. Mawilo ena adula ku patapata wakutha, ena atenga zivundikiro za polishi ya nsapato, koma msuweni uja amakonda a waya: akulunga waya pa kachitini kuti onse anayi atuluke ofanana, kenako awavindikira ndi mphira kuti asalire pa miyala.

Povuta ndi kutsogolo. Mawilo akumbuyo angofunika kuzungulira, koma akutsogolo afunikanso kukhota. Ndiye waya wowalumikiza sumangidwa gwa ku thupi la galimoto, umasiyidwa kuti uzisewera, ndipo chiwongolero chachitali, cha bango kapena cha waya, chitsika kuchoka m'manja mwa dalaivala nkudzakola pamenepo. Ukalakwitsa pang'ono, upotoza kumanja galimoto ipita kumanzere. Mwana wanga, amene masamu amakhoza bwino m'kalasi, anamasula ndi kumanganso katatu, chifukwa wilo limodzi linakula kuposa linzake ndipo galimoto inali kukokera mbali imodzi ngati ng'ombe yosaphunzira goli. Palibe anamuuza mawu a m'buku. Anangoona yekha kuti wilo lalikulu likazungulira kamodzi liyenda mtunda wautali kuposa laling'ono.

Funso limodzi ndinafunsa mochedwa: waya wokhuthala uja wachoka kuti? Yankho linabwera m'mawa mwake, pamene amai anga anatuluka ndi beseni la zochapa nkupeza mitengo iwiri yoyanikira yaima yokha. Mlandu unagwera ine, poti ndine ndinali wamkulu pa khonde paja, ndipo ndinapalasa njinga kukagula wina. Tinaseka, koma funso limenelo wamkulu aliyense azilifunsa ntchito isanayambe. Lero ndi waya wa ambuya, mawa ndi wa mpanda wa dimba la eni, mkucha mwana akwera pamene pali waya wa malaiti.

Tsopano tikambe za thumba, chifukwa nkhani ya mphatso za Khisimisi igona pamenepo. Kum'mawa Disembala ndi mwezi woipa pa ndalama. Za chimanga, nshawa, soya ndi thonje zinalowa pakati pa chaka ndipo zinatha kale. Munda ufuna fataleza wachiwiri, udzu ufuna aganyu, nkhokwe yayamba kuonetsa pansi. Wa m'tauni nayenso ali pa moto womwewo, poti ndiye atumiza ya fatalezayo, kwinaku lendi ikudikira. Kutsogolo kuli Januwale. Kuyambira 2022 boma linachotsa mafizi m'sukulu zake, ndipo ambiri tinapuma, koma yunifomu, nsapato, chola ndi mabuku sizinachoke pa mutu wa kholo. Ndiye pamene mwana akoka chitenje pa msika nkumati “amami, nigulileni ija”, ndalama imene amai atulutsa yachoka ku nsapato za sukulu. Ambiri atulutsabe, kuopa kuti mwana wawo yekha akhala wopanda kanthu pa tsikulo.

Musaganize kuti iyi ndi nkhani ya ana a mu Lusaka okha. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, nthawi ya a Michael Sata, Sinda atadulidwa ku Petauke ndi Katete, Vubwi ku Chadiza. Kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 200,000 ku Katete, enanso otero ku Sinda, ndi opitirira 50,000 ku Vubwi. Pamene pabwera maofesi pabweranso aphunzitsi, anamwino, apolisi, nyumba za lendi, tuntemba, timabutu totumizira ndalama pa foni ndi masitolo odzaza zidole zochokera kunja. Mwana wa pa boma pa Katete, ngakhale mapiri a Mphangwe akuwaona tsiku lililonse, angakule osagwirapo dongo ngati mnzake wa ku Kabwata. Dambo lili pafupi, chasowa ndi womutengera kumeneko.

Mwayi wake ngwakuti mwezi wosowa ndalamawu ndiwonso mwezi wochuluka zipangizo. Holide ya Ogasiti, ija ya Kulamba ku Mkaika, ndi ya mapesi ouma ndi zitsononkho, pamene ana apanga magalasi a m'maso, ndeke ndi tinyumba ta masanje. Ya Disembala ndi ya zonyowa. Mvula yafewetsa dongo kudambo ndi pa chulu. Phesi la tsamba la papaya, ukaliboola timabowo, ndi chitoliro. Njere ya mango, ukaiyamwa bwino, kuitsuka ndi kuiyanika, itsala ndi tsitsi loti nkupesa ndi kuluka, ndipo atsikana aijambula maso ndi khala nkuibereka kumbuyo ndi kansalu. Nthawi nayonso ipezeka. M'mawa onse ali kumunda kupalira, olo mlendo wa ku Lusaka apatsidwa kakhasu, koma masana mvula ikagwa banja lonse lithawira pa khonde, ndipo pamenepo ndi pamene ambuya ali ndi manja awiri ndi mdzukulu pafupi.

Za dongo amai anga sachita nazo masewera, poti anaumbapo miphika pa utsikana wawo. Anaonetsa adzukulu kuchotsa timiyala ndi mizu, kukanda mpaka dongo lisiye kumata m'manja, ndi kuumba ng'ombe kuchokera ku chibulumwa chimodzi, kukoka linunda, miyendo ndi nyanga m'malo momatikapo, chifukwa chomatika chimagwa chikauma. Chachikulu anati ndi kuyanika pa mthunzi. Mwana wanga wamkazi sanamve, anaika zake pa dzuwa kuti ziume msanga, ndipo pofika madzulo ng'ombe zonse zinali ming'alu. Za tsiku lachiwiri zinauma pansi pa nkhokwe, anazisalaza ndi kamwala kosalala, nkuzipaka mawanga a phulusa ndi makala. Zitatu mwa izo zinakathera ku tchalitchi, m'khola la mwana Yesu limene achinyamata anamanga ndi udzu. Pa Misa ya Khisimisi mwanayo sanayang'ane kwa ansembe ngakhale kamodzi, maso anali pa ng'ombe zake.

Koma ng'ombe ya dongo ndi galimoto ya waya ndi zoseweretsa. Mphatso ndi nkhani ina. Kwathu mwana sapereka, amalandira. Timuphunzitsa kulandira ndi manja awiri, kugwada, kuwomba m'manja, ndipo ndi bwino. Koma kupatsa timamuphunzitsa liti? Shuga uja wa m'chola ambuya amadziwa kuti wagula ndi mwana wawo, mdzukulu wangonyamula. Ndinafunsa mwana wanga wamkazi kuti iwe ambuya uwapatsa chiyani chako, ndipo anandiyankha kuti ndimupatse ndalama akagule. Si kulakwa kwake. Ndi mmene waonera ife tikuchita.

Tsiku lokagula waya uja pa Katete ndinamukweza pa njinga, ndipo tinadutsira kwa atelala a mu msika. Disembala makina awo sapuma, akusoka madiresi a Khisimisi ndi mayunifomu a Januwale, ndipo pansi pa makina aliwonse pali mulu wa zigamba za chitenje zimene madzulo zimakathera ku dzala. Ukapempha ndi ulemu ena akupatsa chabe, ena afuna ya drinki. Tinabwerako ndi pulasitiki yodzaza.

Chopondera mapazi cha pakhomo sichifuna sukulu. Utenga thumba la ufa lopanda kanthu, ulichapa, ulidula kukula kumene ufuna, nkupinda m'mphepete ndi kusoka kuti lisasosoke. Zigamba uzidula tizingwe totalika ngati chala chapakati, mulifupi ngati zala ziwiri. Kenako ndi msomali kapena kawaya kopinda ngati mbedza ulowetsa kachigamba pa maso a thumba, ukatulutsira pafupi pomwepo, nkumanga kuti nsonga zonse ziwiri ziyang'ane kumwamba. Utero mzere ndi mzere, mothithikana, mpaka thumba lisaonekenso. Ndi ntchito yochedwa, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi zitatu atopa nayo pa mzere wachitatu. Pamenepo ndi pamene wamkulu afunika, osati kumulanda ntchito, koma kukhala pambali nkumadula zigamba, kumufunsa kuti tsopano tiike zofiira kapena zachikasu. Azakhali ake anathandiza mizere ingapo usiku iye atagona, ndipo mpaka lero sadziwa. Chinatha masiku asanu ndi limodzi, ndipo chinatuluka chopendekeka, mbali ina yonenepa ngati nkhosa, ina yometedwa.

Pa masiku amenewo ndinaona chinthu chimene sindinachikonde. Anyamata akaweruka kumunda nthawi yotsala ndi yawo. Asuweni aakazi a msinkhu womwewo akaweruka apita ku mjigo, abwera atsuka mbale, abereka mwana, asonkha moto. Mmodzi, wa giledi 6, amaima ndi chidebe pamutu kuyang'ana chopondera chija, nkunena mitundu yoyenera kutsatana, ndipo amanena zoona, koma kukhala pansi sanapeze mpata mpaka tsiku lachinayi pamene ndinatuma anyamata kukatunga madzi. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Tikamati ana apange zinthu pa holide, tiyambe tafunsa kuti ndi ana ati amene ali pa holide.

Palinso zinyalala zina zosayenera manja a mwana. Dera lino ndi la thonje ndi madimba, ndipo mabotolo a mankhwala opopera amapezeka kuseri kwa nyumba zambiri. Ndi olimba, ndi okongola, ndipo kwa mnyamata aoneka ngati thanki ya lole ya mafuta. Olo muwatsuke kangati, si oseweretsa. Thumba la fataleza kapena la mbewu yopaka mankhwala lisakhale la chopondera chimene khanda lidzakwawapo. Mabatire akutha ana amawaswa kufuna kamtengo kakuda ka mkati, muwaletse. Lezala imodzi isazungulire ana asanu. Chimpombwa, mpira uja wa mapulasitiki, ena amauwotcha pamoto kuti kunja kulimbe, ndipo pulasitiki yosungunuka ikadonthera pa phazi imachoka ndi khungu. Kuuluka ndi chingwe nkokwanira, bola chingwecho chisachoke ku neti ya udzudzu, poti uno ndi mwezi wa malungo. Ndipo kokatapa dongo apite ndi wamkulu. Kamtsinje kamene mu Okutobala kanali mchenga, mu Disembala kangadzaze pa ola limodzi ndi mvula imene yagwa kumapiri, inu kuno dzuwa likuwala.

Sindifuna kunamiza munthu kuti ana a kumudzi apanga izi chifukwa ndi anzeru kuposa a m'tauni kapena chifukwa akonda mwambo. Apanga chifukwa palibe wowagulira. Msuweni uja akanapatsidwa mwayi akanasinthanitsa galimoto yake ndi foni ya mwana wanga tsiku lomwelo, ndipo anayesadi. Umphawi suyenera kuimbiridwa nyimbo. Chimene ndikunena nchakuti m'kusowa kumeneko mwatsala luso limene ife a malipiro a pamwezi tikulitaya dala, pamene mwana akanatha kukhala ndi zonse ziwiri. Ku sukulu phunziro la ntchito za manja lilipo pa ndandanda, koma mphunzitsi mmodzi wa ana odzaza kalasi, wopanda lumo kapena guluu, nthawi zambiri angojambula dengu pa bolodi ana nkukopera. Dengu lenileni liphunziridwa pafupi ndi munthu amene akung'amba nsungwi.

Ndipo luso limeneli ena likuwadyetsa. Aliyense woyenda pa Great East Road adziwa madengu, mikeka ndi zipewa za mlaza zimene zimapachikidwa pa Luangwa Bridge. Ku Mfuwe, Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991, ijambula nsalu ndi manja: alemba maluwa ndi phala la ufa, ayanika pa dzuwa, apaka utoto, kenako achotsa phala lija nkutsala mizere yoyera. Mwana angayese zomwezo pa kansalu koyera ka thumba. Komweko a Mulberry Mongoose apanga zibangili ndi mikanda ya m'khosi kuchokera ku waya wa misampha imene yachotsedwa m'nkhalango ya South Luangwa, ndipo alendo akunja amagula. Ngakhale galimoto ya waya inalowa m'buku: mu 1990 mai wa ku America, Karen Lynn Williams, amene anakhalapo ku Malawi, analemba kabuku ka ana kotchedwa Galimoto, ka mnyamata woyendayenda m'mudzi kufuna waya. Ana a kutsidya kwa nyanja amawerenga za chinthu chimene ife tikuuza ana athu kuti taya uko, ndi zinyalala.

Apa pokha tisapitirire malire. Mwana akapanga chopondera chokongola, mtima wa kholo la m'tauni uthamangira ku bizinesi: apange khumi, akaime nazo pa siteji mabasi akamafika. Ana oyenda ndi mabeseni a mango ndi vitumbuwa pakati pa malole opita ku Chanida alipo kale okwanira pa Katete. Lamulo la ana la 2022, Children's Code Act, liletsa kugwiritsa mwana ntchito yomuika pa ngozi kapena yomusokoneza sukulu. Chimodzi chopatsa ambuya, china cha aphunzitsi, china cha pakhomo panu, basi.

Amene ana anu sapita kumudzi chaka chino, poti ya basi yavuta, telala ali pa msika wa komboni iliyonse, makatoni ali kuseri kwa sitolo iliyonse, ndipo phala la ufa wa chinangwa limata pepala ngati guluu wogula. Khadi la katoni lomatidwa zigamba, lolembedwa ndi dzanja la mwana, lingakwere basi pamodzi ndi shuga uja. Malaiti akapita, m'malo mokhala nonse kuyang'ana TV yozima, yatsani nyali mutulutse lumo. Chovuta si zipangizo. Chovuta ndi kuti inu atate mukhale pansi pa mphasa ola lathunthu, foni ili m'thumba.

Pa Khisimisi m'mawa, mpunga ndi nkhuku zisanapse, mwana wanga anagwada nkupereka chopondera chija ndi manja awiri. Ambuya ake anachitembenuza, anachinunkhiza, nkuyamba kuloza zigamba chimodzichimodzi, akuti ichi chifanana ndi chitenje chimene ndinavala pa ukwati wa atate ako, ichi ndi cha amai a Chigwirizano, ichi cha chipani sindichifuna koma chikhale. Kenako analowa nacho m'nyumba. Tinadikira kuti tichione pakhomo, osachiona. Mwana anayamba kulengeza misozi, kuganiza kuti sichinakondedwe.

Titalowa tinachipeza chayalidwa pa mpando wa malemu atate anga, umene sakhalapo munthu wamba. Ndinawauza amai kuti chimenecho nchopondera, malo ake ndi pakhomo. Anandiyankha kuti matope a Disembala akapondere kwina.

Galimoto ya waya inabwera nafe ku Lusaka. Kondakitala anafuna kuiponya pansi pa basi pamodzi ndi matumba a nshawa, mwini wake anakana, ndipo anaifungata pa miyendo ulendo wonse, chiwongolero chikugunda denga pa bampu iliyonse. Sabata yomweyo anyamata atatu a pa yadi pathu anabwera kudzafunsa mmene mawilo akutsogolo amakhotera. Waya woyanikira zovala amai a kunyumba tsopano amauchotsa madzulo nkugona nawo m'nyumba.